Mahedifoni Atatu a Mkamwini Wanga

Inu amene mukuseka kumbuyoko, ndi tizingwe tanu tolendewera m'makutu ngati mwameza mbedza, tachotsani kaye timeneto mumve, chifukwa amene akuyankhula pano ndi Che Bwanali wa pa Nkope, amene asodzi kuyambira ku Chembe mpaka ku Malombe anamutcha Makutu a Nyanja, ndipo wokayika atuluke m'tiyilumu muno akafunse agogo ake kuti dzinalo ndinalitola pati. Walahi, ndikanama tiyi uyu andiwotche lilime mpaka Lachisanu.

Ine pa unyamata wanga sindinkafuna nyali kapena makina kuti ndidziwe pamene pali nsomba. Ndinkangomiza nkhafi m'madzi, chogwirira chake n'kuchigunditsa kukhutu, basi, nyanja yonse inkabwera kudzandiululira nkhani zake: utaka ukukangana kuseri kwa chilumba, kampango akutsokomola pansi pa mwala, chambo chachikazi chikuwerenga ana ake m'kamwa n'kupeza kuti awiri sanabwerere, ndipo tsiku lina ndili pa Nkhudzi ndinamva kausipa kamodzi kakuyetsemula kutsidya ku Makanjira, tinapalasa tsiku lathunthu, tinakakapeza kadakali ndi chimfine. Mukumva? Mwera ndinkaumva kudakali masiku atatu, ukumanga katundu wake kumapiri. N'chifukwa chake pa Nkope munthu sankagula wailesi, ng'oma kapena tambala ine ndisanamvetsere kulira kwake.

Tsono mwana wanga wamkazi, Mariyamu, anakwatiwa ndi Yusufu, mnyamata waulemu ndithu koma wa miyendo ya ku Joni, monga anyamata ambiri akuno: kukwatira, kudya mpunga wa ukwati, kukwera basi. Zaka zinayi mwana wanga anakhala ndi mwamuna wa pafoni. Kenaka Yusufu anabwerako ndi chikwama chodzaza mahedifoni, natsegula kashopu pamsewu, nalumbira kuti malondawo akayenda sadzawolokanso malire, koma akakanika abwerera komweko. Mariyamu anayambanso kuseka mokweza monga ankachitira ali wamng'ono, ndipo ine mtima unakhala pansi. Koma anthu akuno mukuwadziwa. Ankangosuzumira m'shopumo manja ali kumbuyo, n'kumati, "Timve kaye kuti Che Bwanali anena chiyani." Choncho tsiku la msika anandiikira mpando pakhonde la shopu, khamu litazungulira ngati ukonde wa chilimira wabwera wodzaza.

Mverani phunziro, ndikupatsani ulere. Mahedifoni sayesedwa ndi nyimbo yachilendo, ndipo sayesedwa ndi maso kapena ndi kuwala kwa katoni yake. Umasankha nyimbo imene umaidziwa ngati njira ya kudoko, kuti chikasowa kanthu uzindikire msanga. Ine ndinauza Yusufu kuti aike m'foni beni amene anajambulidwa pa ukwati wake womwewo, chifukwa woimba ng'oma aliyense wa tsiku limenelo ndimamudziwa dzina, mudzi, ndi nthenda yake yomwe.

Oyamba anali otchipa, a mtengo wa chidebe chimodzi cha usipa, opepuka ngati khoko la nzimbe, chingwe chake choonda ngati ulusi wosokera ukonde. Nditangowavala ndinamva chisoni, abale, chifukwa anthu makumi atatu ovina beni analowa m'chingwe chija koma kukhutu kwanga anafikako atatu okha, enawo anatsakamira panjira, ng'oma yaikulu inaonda mpaka kusanduka chitini cha mafuta, ndipo woimba wenzulo ndinachita kumukutumula, ndinagwedeza chingwe kawiri ndipo anatuluka ali wefuwefu n'kuyamba nyimbo pamene anzake akumaliza. Ndinauza khamulo zoona zake: awa ndi a mpira wa pa wailesi, ndi a munthu wa kabaza amene mawa awanyowetsa ndi mvula osalira nawo. Kusauka si mlandu, thumba likakana gulani omwewa. "Koma kumanzere kwafa," ndinatero. "Kukulira kumanja kokha."

Yusufu anawatenga, nawavala yekha, namvetsera, nayang'ana pansi. Mkamwini satsutsa apongozi ake pagulu, ngakhale atanena kuti mbuzi ili ndi mamba. Anangopinda mawondo nati, "Pepani baba, tiyese ena."

Achiwiri anali a mtengo wa tonde wonenepa, okhala ndi timapilo tokuta khutu lonse, otseka kumbuyo kuti phokoso la msika lisalowe. Amenewo ndiye anali ndi besi! Ng'oma itangogunda koyamba kofia yanga inanyamuka n'kukatera pamtengo wa mango kutsidya kwa msewu, kugunda kachiwiri dzino lomwe linandivutitsa nyengo ziwiri za mvula linazuka lokha n'kugwera m'thumba la malaya, kugunda kachitatu usipa wonse umene unali pa thandala kudoko unadzitembenuza wokha, amayi oyanika nsomba n'kubwera kudzandithokoza kuti ndawapumulitsa ntchito. Mukumva? Koma ine besi sandinyenga monga amakunyengerani inu. Besi wochuluka ali ngati mchere wochuluka m'ndiwo, umabisa kuti nsomba inali yotani. Mawu a amayi oimba anamira pansi pa ng'oma. Komanso kumbukirani kuti kuno ndi ku Mangochi, timapilo timeneto anatisokera anthu a kozizira, ine nditavala mphindi khumi zokha ndinakhuthulamo thukuta lodzaza ndowa, muli matemba awiri amoyo. Ndinati abwino kwa anyamata okonda kugwedeza mutu, ndi kwa aliyense wokhala pafupi ndi chigayo. Koma nawonso kumanzere kunali zii, ndipo ndinanena.

Apa Yusufu analowa m'kati natuluka ndi bokosi atalinyamula ndi manja awiri. Awa ndiwo anali a mtengo wa injini ya boti, ofewa pamutu moti umaiwala kuti wavala kanthu, a timabowo kumbuyo kuti mawu azipuma, ndipo foni payokha sinkawatha, ankafuna kabokosi kena kowonjezera mphamvu. Abale anga, nditavala amenewo sindinamve nyimbo ayi, ndinabwerera pa ukwati penipeni: ndinamva ng'oma iliyonse ndi chikopa chake, ndinamva mpunga ukubwata kuseri kwa nyumba, ndinamva amayi ena akunong'onezana kuti nyama yachepa, ndinamva ntchentche ikupukuta manja pa mbale ya shehe, ndinadzimva ine mwini ndikupereka malangizo kwa akwati, ndipo pamene ndinaphonya mawu ndinadzikonza ndili pakhonde pomwepo, wa m'katimo n'kundiyankha kuti zikomo Che Bwanali. Kenaka ndinamva kuseka kwa mkulu wanga Che Amini, amene anatisiya chaka chomwecho, kuseka kwake kuja kothera m'chifuwa. Pamenepo sindinama, misozi inatsika, anthu onse akuona.

Ndinavula ndi kunena mokweza kuti amenewa ndiwo mahedifoni, ena onse ndi ana awo. "Koma mwana iwe, ku Joni anakubera. Onse atatu kumanzere ndi akufa."

Mawu anga pa Nkope ndi chidindo. Masabata awiri anatha m'shopu muja osalowa ngakhale nkhuku, ndipo Yusufu anayamba kufunsafunsa za mabasi. Ine ndinkayenda chifuwa patsogolo, ndikunena kuti choonadi sichiona nkhope ya mkamwini.

Tsiku la msika lachitatu Mariyamu anabwera kunyumba, nagwada, nati, "Ababa, tiyeni mukayesenso kamodzi kokha." Ndinapita, khamu linasonkhananso. Ulendo uno anandiveka ndi iye mwini, aja odula aja, nandifunsa kwafa kuti. Ndinati kumanzere. Anawavula, nawatembenuza, nandivekanso. Ndinati kumanzere komweko, mwanangu, usandichedwetse.

"Ababa," anatero, "taonani. Mbali iyi yalembedwa chilembo cha elo, iyi yalembedwa cha ala. Poyamba kumanzere kwanu kunali elo, munati yafa. Tsopano kuli ala, mukuti yafanso."

Aphunzitsi a Gondwe, aja anachokera kumpoto kudzaphunzitsa pasukulu yathu, anatambasula khosi n'kuyamba kufotokoza kuti m'Chingelezi chilembo china chimaimira manzere, china manja. Hee! Anaputa mavu. Ndinaimirira mahedifoni ali kumutu, ndinati Aphunzitsi, mwana wanga uyu kusukulu munamulemba ndi ala, kusikelo anamulemba ndi elo, kodi ine ndinabereka ana awiri? Amene amalemba lero ndi amene amalemba rero, kodi amadzuka masiku osiyana? Elo ndi ala ndi chilembo chimodzi, chimangosintha malaya, ndipo ngati chilembo n'chimodzi mbali yakufayonso ndi imodzi yomweyo, mutembenuze mpaka dzuwa lilowe! Khamu linaphulika, amayi analuluta, ogulitsa tomato anasiya tomato, ndipo Aphunzitsi mpaka pano akandiona amavula chipewa. Mlandu umenewo ndinawina, ndipo palibe loya wa ku boma akanauwina bwino kuposa pamenepo.

Koma Mariyamu sanaseke. Anandivula mahedifoni aja pang'onopang'ono, nazungulira kumanzere kwanga, nawerama, naika pakamwa pake pafupi ndi khutu langa. Mpweya wake ndinaumva kutentha patsaya.

Ndinagwedeza mutu ndi kunena kuti, "Eya, ndamva mwanangu."

"Ndati chiyani, ababa?"

Ine amene ndinamva usipa ukuyetsemula kutsidya kwa nyanja, sindinamve ngakhale liwu limodzi. Ndinayang'ana mwana wanga, maso ake atadzaza misozi, ndinayang'ana Yusufu ataima pakhomo la shopu yopanda ogula, akuyang'anabe pansi monga anachitira kuyambira tsiku loyamba, ndipo ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Mnyamata uja ankadziwa nthawi yonseyi, ndipo anali wokonzeka kukwera basi m'malo mondivula ulemu pagulu.

Ndinatsokomola, ndinauza khamulo kuti mahedifoni onse atatu ndi amoyo mbali zonse ziwiri, aliyense agule molingana ndi thumba lake, ndipo amene akufuna kudziwa chimene chafa afunse ine pandekha. Palibe anafunsa. Pofika masana otchipa aja anali atatha, a tonde aja anatenga mwini chigayo, ndipo odula aja akadali m'shopu, anthu amabwera kudzangowaona.

M'mawa mwake mayi a kunyumba, Abiti Juma, akundipatsa phala, anandiuza zimene mwana uja ananong'oneza. Akuti anati, "Ababa, ndine woyembekezera, musandithamangitsire mwamuna." Inu mukudziwa, nkhani yotere mwana wamkazi sauza bambo ake, n'zosayenera. Koma iye anapeza malo amodzi pa Nkope yense pamene akanainena kwa bambo ake popanda kuswa mwambo, ndipo malowo anali khutu langa lamanzere.

Inde, linafa. Linafa liti sindikudziwa, mwina ndi mainjini a maboti, mwina linangotopa ndi kumva zambiri. Yusufu sanapitenso ku Joni, ndipo mdzukulu wanga akalira ku Nkope kuno ndimamumva ngakhale ndili ku Chembe, ndi khutu limodzi lomweli, limene limamva kuposa makutu anu nonse muno mutawasonkhanitsa m'dengu. Wotsutsa anene pompano. Iwe wa malaya ofiira, milomo yako ndaiona ikugwedera. Tazungulira mbali iyi, ubwereze.