Tambala wa Komiti ya TV Gemu

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa zaka zambiri, ngakhale mkazi wanga amangoidziwa theka. Lero ndiulula, museke mukhute, chifukwa manyazi ake ndatopa nako kuwasenza ndekha.

Chilala chachikulu cha m'ma 90 chija chitangodutsa, ndinali mabhalani pa famu ina ya fodya ku Raffingora, m'dziko la Zimbabwe. Kalaliki, kunena kwa kwathu. Ndinali ndi Fomu 4, tayi imodzi ndi mabolopeni atatu pathumba la malaya, ndipo ndinkadziona ngati nduna. Nditapita ku Harare ndinagula TV gemu, kabokosi kotuwa kolumikiza ku TV, kokhala ndi makontirola awiri ndi makatiriji anayi. M'komboni monse munalibe amene anakaonapo. Basi mutu unakula. Ndinati ndichititsa Video Games Festival m'holo ya pa famu, momwe munali TV ndi magetsi, ndipo dzina la Zuze lidzamveka mpaka ku Guruve.

Manijala wathu, mzungu wosachulutsa mawu, anandimvetsera akusuta.

"Holo ndikupatsa, Zuze, koma osati wekha. Ndikufuna akuluakulu a m'komboni akhale kumbuyo kwako, advisory board. Pofika Lolemba undiuze kuti avomera. Akapanda kuvomera, palibe holo, palibe festival."

Mawu oti advisory board ananditsekemera ngati nzimbe. Ndinayenda ndikuwatchula njira yonse.

Mkulu amene aliyense ankamumvera m'komboni anali a Mbewe, madala a ku Dedza, osonkha moto m'mabalani, nyumba zoumitsira fodya. Tinkawatchula sekuru, ndiko kuti agogo m'Chishona. Iwo akatsokomola, bhawa lonse, malo athu omwera mowa, linkakhala zii. Ndinati ndikakola amenewa, ena onse abwera okha. Zoti ndi mkulu wa gule, zvigure monga amanenera Mashona, ndinkazidziwa, koma ndinkangodziwa dzina lokha. Ife ndife a ku Tete, a pa mishoni, ndipo malemu bambo anali katekisiti. Ng'oma ikangolira ankatitsekera m'nyumba n'kuyambitsa kolona. Ndiye ndinakulira pakati pa anthu a gule ndili mbuli yeniyeni, mbuli yovala tayi.

Tsiku lopita kwa a Mbewe, amayi anandiona ndikutuluka ndi kope lokha.

"Kwa akulu sapita chimanjamanja, iwe. Sukuluyo inakuphunzitsa chiyani?"

Ndinagwira tambala wamkulu wa pakhomo, n'kumukwapatira. Amayi sanafunse kuti akuluwo ndi ati, inenso sindinanene.

A Mbewe ndinawapeza pakhonde akusema mpini. Akazi awo ndi apongozi awo aakazi ankasankha nyemba chapafupi. Ndinanjuta, n'kuika tambala uja pamapazi pawo. Nyemba zinaleka kulira m'lichero. Amayi awiri aja anayang'anana, ananyamuka, analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

"Sekuru, ndabwera kudzapempha kuti..."

"Usanene," anatero a Mbewe motsitsa mawu. "Zoterezi sanena pabwalo. Ndamva kale."

Mtima wanga unavina. Ndinati taonani, mbiri ya festival yafika kale kwa madala ine ndisanatsegule pakamwa.

"Mwana wa katekisiti," anandiyang'ana nthawi yaitali. "Waganiza bwino?"

"Ndaganiza, sekuru. Ndakhala ndikuzilakalaka kuyambira kale."

"Amayi ako akudziwa?"

"Ndi amene andiuza kuti nditenge nkhuku."

Apa madala anaika kasemasema pansi. Anapukusa mutu ngati munthu amene waona zodabwitsa pa ukalamba wake.

"Lamulungu dzuwa likapendeka, udzere kuseri kwa mabalani, njira ya kumanda. Ubwere wekha. Usauze munthu."

Ndinalemba m'kope: Meeting, Sunday, 3 p.m. Zoti malo ake ndi achilendo ndinaziona, koma ndinati madala safuna phokoso la ku bhawa.

Lamulungu nditatuluka ku Misa ndinasita malaya, ndinamanga tayi, ndinatenga kope ndi kabokosi kanga kuti board ikaone ndi maso. Kuseri kwa mabalani kunali kanjira kamene sindinapondepo chibadwire. Kanalowa m'kankhalango kamene ngakhale mzungu sankalola kuti thalakitala ikalimeko. Pa chitsamba choyamba panamangidwa kansanza kofiira. Patsogolo pake kena. Kenako ndinaona nthenga zitamwazika m'njira, ndipo ndinazizindikira. Zinali za tambala wathu.

Dzuwa linali likuwotchabe, koma m'menemo munali mozizira. Mbalame panalibe. Ngakhale injini ya pa damu, imene inkamveka paliponse pa famupo, inaleka kumveka. Ndinkangomva nsapato zanga ndi mtima wanga. Ndinafika pa kabwalo kosesedwa bwino, manda akuonekera patali pang'ono, ndipo panalibe munthu.

"Odi," ndinatero. Mawu anga anatuluka ngati a mwana wa mbuzi.

Chinandiyankha ndi kamluzu kochokera m'mwamba. Kena kanayankha kumbuyo kwanga. Ndiye tchire linayamba kuyenda.

Chilombo choyamba chinatuluka chili mbuu ndi phulusa thupi lonse, kumutu nthenga zokhazokha, nkhope palibe. Chachiwiri chinali ndi chinkhope chofiira chosaphethira, mano ali pamtunda. Zina zitatu sindinazione potulukira, ndinangozindikira kuti zandizungulira. Sizinavine, sizinalankhule. Zinangoima, zikupuma, ndipo fungo la dothi lonyowa linandikuta.

Abale anga, ndinachita mantha amene sindinawamveponso. Kolona yonse ya bambo inathawa m'mutu. Ndipo munthu ukathedwa nzeru umachita chokhacho chimene umachidziwa. Ine ndinatsegula kope.

"Item number one," ndinawerenga. "Kusankha chairman."

Ndinatsika pa mzere wachiwiri.

"Item number two. Ana azisewera m'mawa, akuluakulu masana. Amene akuvomera akweze dzanja."

Cha nkhope yofiira chija chinakweza dzanja pang'onopang'ono. M'dzanjamo munali chikwapu. Ine, chitsiru cha Mulungu, ndinalemba kuti mmodzi wavomera.

Pamenepo a Mbewe anatulukira m'mitengo, opanda malaya. Anayang'ana tayi, anayang'ana kope, anayang'ana kabokosi kamene ndinakapanira m'khwapa.

"Ichi n'chiyani?"

"TV gemu, sekuru. Ya festival ija. Ndimafuna inu mukhale mu advisory board, muzitilangiza."

"Bodi?"

"Komiti, sekuru."

"Nanga nkhuku ija?"

"Inali ya ulemu chabe."

Madala anayang'ananso kabokosi kaja. Kenako analankhula ngati akuphunzitsa mwana.

"Mnyamata akabwera yekha kwa ine n'kuika nkhuku pamapazi panga, ndiye kuti akugula njira. Akufuna kulowa gule. Komboni yonse ikudziwa zimenezi, ngakhale agalu. Iwe Fomu 4 yonseyo sunamve?"

"Sindinamve, sekuru. Pepani. Mundibwezere nkhukuyo ndizipita."

"Nkhuku tadya."

Kumbuyo kwanga china chinalira kamawu kakang'ono koterera.

"Wachita mwayi waimira pano," anatero a Mbewe. "Ukanadutsa mtengo uwo, bwenzi tikukamba zina. Njira sitikakamiza munthu. Koma chodyedwa sichipita pachabe. Tadya nkhuku yako, ndiye komiti yakoyo talowa."

"Zikomo kwambiri, sekuru. Ndilembe dzina lanu ngati chairman?"

"Ine ayi. Ine ndine wa moto wa m'mabalani. Alowa ndi awa."

Analoza zilombo zija. Mmene ndinatulukira m'nkhalangomo sindikukumbuka. Ndimangokumbuka ndili pa mpopi wa m'komboni ndikuchapa buluku, anthu akundifunsa chifukwa chochapira buluku ndili chivalire.

Lolemba manijala anandiitana.

"Board yapezeka?"

"Yapezeka, bwana. Mamembala asanu."

"Mayina?"

"Sananene, bwana."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anaitanitsa a Mbewe, n'kuwafunsa ngati n'zoona kuti akuluakulu ali kumbuyo kwanga.

"Akuluakulu enieni," anatero madala, nkhope ili gwa. "Oposa ife."

Mzungu anandiponyera makiyi a holo.

Loweruka la festival anthu anadzaza. Anabwera a mafamu oyandikana, amayi ndi ana kumsana, madala a ku bhawa ndi zigubu zawo za chibuku. Ndinaima kutsogolo ndi tayi yanga, ndinalumikiza mawaya, TV inayaka, timuna tiwiri tinatulukira pagalasi titakunga zibakera. Holo yonse inati aaa. Ndinati lero ndiye lero, Zuze wafika. Za kunkhalango zija ndinali nditadziuza kuti madala ankangondiopseza.

Ndili pakati pa welcome speech, kunja kunalira kamluzu.

Mayi wina pakhomo anakuwa, "Zvigure!" Sindinaonepo holo ikukhuthuka msanga chotero. Ena anadzera pazenera. Mabenchi anagwa, mapatapata anatsala mbwee pansi, ndipo amene anali olimba mtima anakaima kutali kuseri kwa shedi n'kumasuzumira. M'kati ndinatsala ndekha ndi kabokosi kanga.

Board yanga inalowa mwadongosolo, asanu onse. Anayendera holo, anagwedeza mawaya, wina anasuzumira kuseri kwa TV. Kenako anayi anakhala pa benchi yakutsogolo, mwaulemu ngati ali m'tchalitchi. Cha nthenga chija, chopanda nkhope, chinabwera n'kukhala pambali panga. Chinatola kontirola ndi zala zaphulusa, n'kundiloza kuti nditenge inayo.

Tinasewera. M'holo munkangomveka kulira kwa gemu ndi mpweya wake pakhosi panga. Ndinati ndichigonjere dala kuti chisakwiye, koma sindinapeze n'komwe mpata wogonja dala. Chinandikwapula koyamba ndisanaponye chibakera. Kachiwiri ndinayesetsa ndi mtima wonse, ine mwini kabokosi, amene ndinakhala mwezi wathunthu ndikuphunzira, koma chinandigwetsa ngati thumba la feteleza. Kachitatu chinatulutsa kamenyedwe kamene ine sindinkadziwa kuti kalimo m'katirijimo. A pa benchi aja anagwedeza mitu mogwirizana, ananyamuka, onse asanu anatuluka n'kulowera kuseri kwa mabalani.

Festival inathera pomwepo. Anthu sanabwererenso, ndipo mu lipoti la kwa manijala ndinalemba kuti amene anafika ndi a komiti okha.

Ndinakafunsa a Mbewe kuti kodi katswiri uja ndi ndani, popeza m'komboni monse munalibe wina wodziwa gemu.

"Ndani bwanji?" anatero. "Chilombo ndi chilombo. Chimachokera kumanda."

Pa famu ija ndinakhalapo zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndipo mwamuna aliyense, kuyambira folomani mpaka wobusa ng'ombe, ndinkamuvulira chipewa, chifukwa sindinkadziwa kuti mwa iwowa anandichapa katatu ndi uti.

Usanapereke nkhuku kwa madala, yamba wafunsa kuti kumeneko nkhuku imagula chiyani.