Mpiringidzo wa khola la a Nachisale

Lolemba

Akuba atenga mbuzi zisanu ndi zinayi ku Nachisaka. Mwini wake am'manga pamtengo ndi chingwe cha mbuzi zomwezo. Chibwerere matipate, anthu akuti mfuti zikuyenda m'matumba a chimanga.

M'khola langa muli zisanu ndi ziwiri. Si zanga kwenikweni, ndi za malemu akazi anga, a Nachisale. Miyezi khumi tsopano chimwalirireni.

Mfuti ndili nayo, gogodera ya agogo. Koma zaka zitatu zapitazo a Nachisale anaitengera ku Malomo, nakaiwotcheretsa chitsulo cha sipuling'i ya galimoto kukamwa. Anati, "M'nyumba mwanga simugona mfuti." Kuyambira pamenepo ndi mpiringidzo wa chitseko cha khola.

Lero ndaisolola. Chitseko ndamanga ndi luzi.

Zofunika: tupa, sowo ya zitsulo, nyundo, mtima.

Lachiwiri

Tupa kuyambira m'mawa. Dzuwa lili paliwombo, tupa yasalala ngati sopo. Powotcherera paja pangowala. Matuza atatu.

Ndikugwirira m'chigafa kuti anthu asaone. Koma phokoso! Phiri likulibweza kawiri.

A Kamphinda, oyandikana nawo, asuzumira pampanda: "Achimwene, mukunola chiyani chosathachi?" Ndati khasu. Akuti khasu lokhala ndi thako la mtengo sanalionepo.

Lachitatu

Sowo yathyoka. Chidutswa chandidutsa pakhutu, fyuu!

Kuchitsime akuti ndikupanga mfuti. Pofika masana akuti zitatu. Alamu anga, mayi a Yohane, ang'ono awo a malemu, aima pabwalo osalonjera: "Alamu, chaka sichinathe achemwali atagona, inu mwayamba za uchigawenga?"

Galimoto yoyera pamsewu. Ndabisala kuseri kwa nkhokwe mpaka fumbi litatha. Inali ya ku mishoni.

Zimene ndikuopa tsopano:
1. Akuba.
2. Apolisi.
3. Mayi a Yohane.

Lachinayi

Tchizulo ndi nyundo. Chitsulo chili phee. Chala changa chachikulu chada bii.

Ndili mkati mogogoda, mbuzi zatafuna luzi. Zonse m'dimba la a Kamphinda! Mpiru watha, tomato watha. A Kamphinda sanatukwane, angoyang'ana chigafa n'kunena motsitsa mawu, "Palibe kanthu, bwana." Sanayambe anditchulapo bwana.

Zabwera zisanu ndi imodzi. Yasowa ndi Mawanga, ija a Nachisale ankaimwetsa phala ndi botolo make atafa.

Lachisanu

Ku Malomo panjinga, mfuti m'mphasa. Aliyense wondipatsa moni ndikumuona ngati wapolisi wosavala yunifolomu.

A Mbewe owotcherera zitsulo aizindikira ndisanamalize kufunyulula. "Ntchito yanga iyi! Mayi aja anati, 'Muwotcherere moti bambowo asadzachotse ngakhale atakwiya chotani.' Ndinabwereza katatu." Akunyadira.

Ndawapempha achotse. Aona zipsera za nyundo. Abwerera m'mbuyo mapazi atatu.

"Mwakhala mukuimenya? Nanga onga wa agogo anu munauchotsamo?"

Sindikudziwa. Iwonso sakudziwa. Akuti tsiku lija ankawotcherera atabisala kuseri kwa mgolo, dzanja lokha kunja.

Masiku atatu ndakhala ndikulimbana nayo nditaipana pakati pa miyendo!

Pobwerera njinga ndikukankha. Mwala uliwonse ndikuulambalala. Kukamwa kwake ndikalozetsa kutsogolo kuli amayi a nkhuni, kumbuyo kuli ana a sukulu. Ndalozetsa kumwamba, ngati wonyamula mbendera.

Loweruka

Mfuti ndaimiza mumgolo wa madzi, kutali ndi nyumba. Podutsa ndikuyenda monyang'ama.

Tsiku lonse m'phiri kufuna Mawanga. A Nachisale anali ndi kaitanidwe kawo, kamluzu kenaka dzina. Ndayesa. Sikakutuluka chimodzimodzi. Ndakhala pamwala kanthawi.

Pachitseko cha khola: miyala inayi, mtondo, mpando wanga.

A Kamphinda akuti akuba sangayerekeze kufika kuno, dziko lonse likudziwa kuti ndili ndi mfuti zisanu. Ndafunsa ngati dziko lonselo ndi apolisi omwe. Akuti iwo sakudziwa, bwana.

Lamulungu

Kutchalitchi benchi yonse yanga ndekha.

Masana mayi a Yohane atulukira akukoka Mawanga ndi mpango. "Ndaipeza kumanda, ikudya udzu pa achemwali. Udzu umene inu simunazule sabata ino." Ndawathokoza ndi manja awiri.

Zisanu ndi ziwiri.

Mfuti ndaivuula, ndaipukuta, ndaibwezera pachitseko, kukamwa kuloza kuphiri. Yalowa m'malo mwake osavuta. Powotcherera paja pali kamzere kamodzi, ngati pokanda ndi chikhadabo. Ntchito ya sabata yonse.

Akuba akabwera, abwere. Apeza chotseka.

Munanena, a Nachisale. Mawa m'mawa ndibwera ndi khasu.