Tsiku limene ndinasandutsa asodzi onse Amwenye

Mpaka lero ndikamadutsa pa dooko la kwathu, amayi oyanika usipa pa thandala amandipatsa moni wakuti, "Mwadzuka bwanji a Chingerezi?" Ndimayankha mwaulemu, chifukwa dzinali ndinaliputa ndekha ndi pakamwa pangapa.

Ndinagwirapo ntchito pa loji ina ku Chembe, yoperekera chakudya kwa azungu. Pobwerera kumudzi ndinali ndi Chingerezi chokwanira kufunsa munthu ngati akufuna chambo chootcha kapena chokazinga, koma ine ndinkachiyesa cha ku yunivesite. (Ngakhale nkhuku ndinkazipirikitsa m'Chingerezi.)

Chaka chimenecho mudzi wathu sunali pa mtendere. Bwana wina wa m'tauni anagula malo m'mbali mwa nyanja kuti amange loji, ndipo mpanda wake unkati utseke njira yotsikira ku dooko. Anatumiza chipepala choti tonse tidindepo chala, akuti n'chongovomereza chitukuko. Ena ankafuna kudinda, ena ankakayika.

Sabata yomweyo ku parishi kunafika mlendo, wansembe wokalamba wochokera ku Canada, wosadziwa Chichewa ngakhale moni. Atamva za mpandawo anapempha kuti acheze ndi anthu a pa dooko, Akhristu ndi Asilamu omwe. Mwatsoka, m'mawa wa tsikulo bambo mfumu athu anaitanidwa kukadzoza wodwala kutali. Popeza iwo ndiwo akanamasulira, panasowa womasulira, ndipo ine ndinadzipereka.

Tinasonkhana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Kutsogolo kunakhala Che Saidi, mwini ukonde waukulu wa chilimira amene aliyense pa dooko amawamvera, pamodzi ndi anzawo a ku mzikiti. Ine ndinaima pambali pa mlendoyo, malaya nditapisira.

Wansembe anayamba kusimba za mmishonale wina wakalekale wa kwawo, amene anapita kukakhala m'zidikha zikuluzikulu za udzu, pakati pa anthu amene azungu a nthawiyo ankawatcha kuti Indiyani. Liwu limenelo ndinalimva bwino lomwe. Ndinatsokomola pang'ono, n'kulengeza kuti mmishonaleyo anapita kukalalikira kwa Amwenye.

Anthu anagwedeza mitu. Amwenye timawadziwa, timagula maukonde ndi malata m'masitolo mwawo ku boma.

Kenako mlendo ananena kuti anthuwo ankagona m'nyumba za zikopa ndipo ankasaka njati atakwera pa akavalo. Ndinamasulira momwemo. Apa anthu anayamba kuyang'anana. Poona kuti nkhani ikuwavuta, ndinaithandizako: ndinawonjezera kuti nyamayo ankaigulitsa pa sikelo. Atanena kuti mmishonale uja anaphunzira chilankhulo chawo ndipo ankadya zimene iwo ankadya, ine ndinati mpunga wa tsabola wambiri, tsiku ndi tsiku, misozi ili chuchuchu koma osadandaula. (Mlendo ankadabwa kuti chiganizo chake chachifupi chikutalika bwanji chikafika kwa ine, koma ankangomwetulira.)

Kenako mlendo anafika pa nkhani ya mliri wa nthomba. Matendawa anapululutsa anthu aja, ndipo mmishonale sanathawe, ankasamalira odwala ndi kukumba manda ndi manja ake. Zitatero kunabwera azungu ambirimbiri pa sitima, n'kuyamba kumanga mipanda ya waya. Njati zinatha, njala inalowa.

Che Saidi anakweza dzanja. Anafunsa mofatsa kuti ngati Amwenyewo anachita kubwera kudzachita malonda, nanga dzikolo linali lawo bwanji? Funsolo ndinalimeza, sindinalipereke kwa mlendo. Mlendoyo, posadziwa kanthu, anatambasulira manja ake ku gulu lonse n'kunena kuti lero ife tafanana ndi anthu aja.

Ine ndinati, "Abambo akuti nonsenu, kuyambira Che Saidi mpaka kumbuyo uko, ndinu Amwenye."

Phokoso lake! Ena ankaseka mpaka kugwira m'mimba, ena anakwiya. Mayi wina anafunsa kuti ngati ndi choncho sitolo yake ili kuti. Akuluakulu awiri a ku mzikiti anali atatola kale nsapato zawo kuti azipita.

Amene anapulumutsa msonkhanowo ndi mayi Kalonga, mphunzitsi wopuma ntchito amene anandiphunzitsa ku pulaimale. Anaimirira pang'onopang'ono, n'kulankhula ndi mlendo mawu owerengeka, kenako anatembenukira kwa ife. Anafotokoza kuti anthu aja sanali Amwenye ayi. Anali eni nthaka, amene makolo awo anabadwira m'zidikhamo azungu asanafike, monga mmene ife tinabadwira panyanja pano. Za sikelo ndi tsabola, anatero, mufunse mwana wangayu kumene wazitenga.

Ndinalakalaka mango agwe andipeze pamutu. Ndinapepesa n'kuwapempha mayiwo kuti apitirize okha. Koma Che Saidi anakana. Anati mayi Kalonga Chiyao sachidziwa, pomwe akuluakulu ena pamenepo amamva bwino Chiyao kuposa Chichewa, ndipo ine ndimachilankhula.

"Wagwetsa ukonde ndiye amauvuula," anatero. "Mayi aime pambali pake, akakhota amuwongole."

Ndiye tinapitiriza atatu. Ndipo apa m'pamene mlendo ananena chimene anabwerera. Anati mmishonale uja ankawakonda anthuwo, koma analakwitsanso. Boma litabweretsa mapepala a malo, iye anawalangiza kuti avomere, pokhulupirira malonjezo amene anamva. Malonjezowo ambiri sanakwaniritsidwe, ndipo anthu anatsala ndi timalo tochepa. Wansembe wokalambayo anavula magalasi n'kunena kuti sanabwere kudzatiuza chochita, koma tisadinde chala pa pepala limene sitinalimve m'chilankhulo chathu.

Mawu amenewo ndinawanena m'Chichewa, kenako m'Chiyao, osawonjezerapo ngakhale mchere. Mayi Kalonga sanandiwongole paliponse. Akuluakulu aja anabweza nsapato pansi.

Chipepala chija tinachiwerenga sabata yotsatira, mayi Kalonga akumasulira mzere ndi mzere. M'katimo munalidi mawu akuti njira ya ku dooko idzatsekedwa. Palibe anadinda. Tinakambirana ndi bwana uja kangapo konse, mpaka anavomera kusuntha mpanda wake. Njira ilipo mpaka pano, ngolo ya nsomba imadutsa bwinobwino, ndipo ndikamayendamo ndimayenda ngati ndinailambula ndekha.

Chimene ndinaphunzirapo n'chakuti mawu akandizemba ndizifunsa kaye ndisanatsegule pakamwa. Komabe pansi pa mtima ndimanenabe kuti wolakwa weniweni ndi amene anapatsa mitundu iwiri ya anthu dzina limodzi lakuti Indiyani. Ine ndinangolipeza lili choncho.