Chasisi Chimene Ndinapangira Asiyatu

Amene akukayika adzuke pabenchipo andiyang'ane m'maso! Inu mumayesa ku Makata ndinkapita kukaothera dzuwa? Ndawotcherera zitsulo kumeneko mpaka imvi, moti lero chitsulo chikangondiona chimapindika chokha.

Ndiye tsiku lina akutulukira mdzukulu wanga Asiyatu ndi anzake awiri a kusukulu, kwathu ku Nancholi, atanyamula kabokosi. Akuti kuli mpikisano wa maloboti, osati a pamsewu aja, koma timakina toyenda tokha n'kumatola zitini. M'kabokosimo munali kachasisi kogula, kathunthu komangirapo matayala ndi mota, kopepuka ngati chivundikiro cha poto, kofanana ndi ka sukulu ina iliyonse.

"Agogo, aphunzitsi akuti tisankhe: kameneka, kapena tipange chathu."

Ine ndinati mdzukulu wa ine Che Jafali sangakaonekere kugulu ndi chidole. Mukumva? Ndinadula bedi langa lomwe, n'kuphatikiza miyendo ya wilibala ndi sipuling'i ya lole, n'kuwotcherera mpaka magetsi anathima Naperi yense, ndipo tsiku loyesa chinthucho chinakwera chitunda chathu chija chobwerera m'mbuyo, n'kukazula minibasi imene inatitimira m'matope anthu ali momwemo, kondakitala akukuwa, agalu a m'dera lonse n'kusamukira ku Limbe, mpaka lero sanabwerere. Walahi!

Ku mpikisano tinachinyamula amuna anayi. Titachikhazika pasikelo, muvi unazungulira katatu n'kuthothoka. Mayi woweruza anandiyang'ana mwachisoni.

"Bambo, chalemera kupyola malamulo. Sichilowa."

Apa pokha ndisakunamizeni. Ana aja anali atavutika miyezi iwiri, ine n'kuwaphera ulendo ndi matama anga. Ndinasowa poyang'ana. Koma Asiyatu sanalire. Anangotsegula chikwama chake n'kutulutsa kachasisi kogula kaja, kamene ine ndinkayesa kanatayidwa kalekale.

"Agogo, gwirani apa. Manja anu ndiye sanjenjemera."

Ankangondisangalatsa mwanayo, manja anga ankanjenjemera ngati masamba. Tinakhala pansi pomwepo, ana akusamutsa mota ndi mawaya, ine ndikumanga mabawuti amene ankandiloza, ndipo kanthu kaja kanatola zitini mpaka ana anatenga nambala yachitatu.

Changa chija? Chili pakhomo, tikumangirirapo mbuzi. Sekani, koma mundiyankhe: sukulu zonse zinabwera kumeneko, ndi iti ina inathyola sikelo?