Nyimbo Yangayanga ya pa Ukwati wa Achemwali

Lolemba

Kodi munayamba mwalonjezapo chinthu pakamwa patathamanga kusiya mutu m'mbuyo? Ine ndachita zimenezo lero. Achemwali Tamala akukwatiwa Loweruka, akupita ku Limphasa kwa alamu olima mpunga. Ndawauza kuti mphatso yanga ikhala nyimbo. Yangayanga. Yoti munthu wina aliyense sanayimbepo.

Iwo akuti: "Iweyo? Woti alendo akabwera umakabisala kuseri kwa bafa?"

Eya, ineyo. Sabata yatha aphunzitsi a Chichewa anawerenga chimangirizo changa kalasi yonse ikumva. Ndiye za mawu sindikuopa.

Zofunika:
- mawu (alipo, ambirinso)
- chuni
- mtima wosagunda ngati ng'oma (uwu ukusowa)

Chuni chabwera chokha ndikusenda chinangwa. Chokoma zedi! Mwina ndinabadwa woyimba, kungoti sindimadziwa.

Lachiwiri

Tikusinja ndi Ama. Ndikuyimba chuni changa chapansipansi. Ama akuimika munsi.

"Mwana wanga, wayamba liti kukonda za Mulungu chonchi?"

Akuti imeneyo ndi kolasi ya amayi a kumpingo ku Bandawe, anaiphunzira ine ndisanabadwe. Akuyimba yonse, munsi ukugunda m'malo mwa ng'oma. Ndi yomweyo ndithu. Mpaka pokwera paja, pomwe ndimanyadira kwambiri!

Palibe kanthu. Wopeka nyimbo sakhumudwa msanga. Ndapeka china.

Lachitatu

Chatsopanochi ndi chodekha, chachifatse. Ndikukawayimbira Asibweni, mlongo wawo wa Ama, akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango. Manyazi andigwira, ndiye ndikuyimba nditawafulatira.

Aseka mpaka singano yagwa.

"Imeneyo ndi yokokera ukonde! Kungoti waichedwetsa ngati uli pamaliro."

Ndikuti Ama akuti ndi ya tchalitchi.

"Atchalitchi anaba kwa ife asodzi. Anangochapa mawu."

Andiyimbira mawu osachapawo. Sindingalembe muno.

Che Juma, amene amagula usipa kwa Asibweni, akugwedeza mutu: "Nonse mukunama. Ya kwathu ku Mangochi iyo, timavinira pa ukwati."

Ndiye kuti chuni cha lero ndi cha dzulo chomwe, changovala chitenje china.

Lachinayi

Anditumiza ku Chintheche kukagula shuga ndi mchere wa paukwati. Ndatsimikiza kuti lero sindimvera chilichonse, mutu ukhale woyera.

Mu minibasi: nyimbo ija ili pa kaseti, ya rege, mnyamata wa mawu okhuthala akulira kuti mkazi wamuthawa.

Pa golosale: ili pa wailesi, mayi wina akuyimba ndi kiyibodi, akuti Satana wagonja.

Pa bwalo la msika: amayi a chipani china, zitenje zofanana, akutamanda nayo munthu wawo.

Kutsidya kwa msewu: amayi a chipani chinzake, akunyoza nayo munthu yemweyo. Magulu onse awiri akuyimba nthawi imodzi, ndipo zikugwirizana bwinobwino!

Pobwerera, anyamata a mpira akunyogodola nayo goloboyi.

Kodi dziko lonseli lili ndi nyimbo imodzi yokha? Ndaiwala mchere. Ama sanasangalale.

Lachisanu

Ndathawira kumunda wa chinangwa, kutali ndi wailesi, kutali ndi Asibweni. Ndakhala pa chulu. Ndipo chabwera! Chuni chatsopano chenicheni, sichifanana ndi china chilichonse.

Vuto loyamba: sichikoma. Mbuzi ya aneba yomwe inali pafupi yasiya kudya.

Vuto lachiwiri: ndikachiyamba, chimayenda pang'ono, kenako chimakhota chokha n'kukalowa m'chakale chija, ngati nkhuku yobwerera m'khola.

Kunyumba kwadzaza azakhali. Mitondo ikulira, utsi ponseponse. Achemwali akuwaluka tsitsi pakhonde, khosi lapendekeka.

"Nyimbo ija ilipo?"

"Ilipo."

Sikuti ndanama. Ilipo paliponse.

Sutikesi yawo yatsekedwa kale, ili pakona pomwe timasiya nsapato. Kuyambira mawa pamphasa ndigona ndekha, palibe wondilanda chofunda. Ndimaganiza kuti ndidzasangalala.

Chigamulo: chuni chakale, mawu anga. Mavesi ndalemba abwino kwambiri. Anthu akamva, aiwala kuti chuni akuchidziwa.

Loweruka

Mkulu wa mwambo akuitana dzina langa, molakwika. Ndikuimirira. Ndikuyang'ana tsindwi la chisakasa.

Mzere woyamba: ndekha. Mawu ang'ono ngati a kamwanapiye, koma atuluka!

Mzere wachiwiri: ndekhabe. "Mpunga wa ku Limphasa usakuiwalitseni kondowole." Anthu aseka. Alamu aseka kwambiri.

Mzere wachitatu: basi, zathera pomwepo.

Ama ndi anzawo a kumpingo aimirira, alowa ndi mawu awo. Asibweni ndi asodzi alowa ndi awo, mwamwayi ochapa pang'ono. Akuchimuna nawo ali ndi awoawo, oingitsira mbalame m'munda wa mpunga! Che Juma akuwomba m'manja, akuyimba za ku Mangochi. Azakhali awiri a zipani zosiyana akuyimba moyang'anizana, aliyense dzanja m'chiuno.

Fumbi kobo! Nthungululu!

Ine ndili pakati, ndikuyimbabe mavesi anga onse mpaka kumapeto. Palibe akumva, ngakhale ine ndemwe. Chodabwitsa: mantha atha. Kuyimba pagulu n'kosavuta ngati gulu lonse likukuposa mawu.

Achemwali aseka mpaka misozi yajambula mizere pa paudala. Andikoka dzanja, andinong'oneza: "Udzandiyimbire bwinobwino ukadzabwera kudzationa. Pawiri."

Gogo wina wakuchimuna wandiyamika: "Mwana iwe umazidziwa nyimbo zakale."

Ndangoti yewo.

Lamlungu

Achemwali anyamuka tikutuluka m'tchalitchi, pa matola, akhalira sutikesi. Sindinalire kwambiri.

Masana ndapita kumjigo. Tiana titatu tikupopa madzi, tikudumpha ndi chogwirira, tikuyimba. Chuni chomwe chija, inde. Koma mawu: "Mpunga wa ku Limphasa usakuiwalitse kondowole!" Mobwerezabwereza, mzere umodzi womwewo, mavesi ena onse kulibe.

Ndaima ndi ndowa yanga. Ndalimba mtima, ndatiuza kuti mawu amenewo ndinapeka ndine.

Kamtsikana kamodzi kandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bodza. Ndi yakalekale imeneyi. Agogo anga amaidziwa."

Ndatunga madzi anga, ndabwerako. Panjira ndapezeka ndikuyimba nawo.

Ndiyambe ndapita, Ama akuitana. Mapoto onse obwereka a paukwati akudikira kukwechedwa, ndipo wondithandiza ali ku Limphasa.