Tsiku Limene Ndinawiritsa Humasi ya Mpongozi

Nkhani iyi ndinafuna kupita nayo kumanda, koma poti azimayi a kuno ku Rutendo aifalitsa kale mpaka pamjigo, bola muimve kwa mwiniwake. Konzekani kundiseka.

Mwana wanga Yohane anapeza mkazi wa Chishona, dzina lake Tariro, amene amaphika muhotela ku Dubai. Ine ndinali nditalengeza kutchalitchi konse kuti kwathu kukubwera shefu. Loweruka limenelo linali lomuonetsa kwa tete wake wa Yohane, ndiye kuti azakhali ake, alamu anga a Esinati a ku Mkoba. Kwathu kuno tete akapukusa mutu, ukwati wathera pomwepo. Tsono a Esinati anali ndi mtsikana wina wa m'kwaya yawo amene ankamusungira Yohane. Ankangofuna kachifukwa, ngakhale kochepa ngati njere ya mpiru.

M'mawa Tariro analowa m'khitchini.

"Mhamha, khalani mupume. Lero ndiphika ndine."

Ndinakhala, koma pampando woyang'ana kukhitchiniko.

Ndinamuona akuchotsa makoko a tchana chowiritsa, kamodzikamodzi. Mtima unakhala pansi. Ndinati ichi ndi chipere, chimene anzathu kuno amati rupiza, mwanayu analeredwa. Kenako anathira tchanacho mu blenda, n'kuponyamo adyo wamuwisi, madzi a mandimu, ndi chiponde china chotuwa cha m'botolo, akuti cha chitowe. Vuuu! Anakhuthulira m'mbale, n'kukumba kadzenje ndi supuni, n'kuthiramo mafuta. Osakazinga! Ochokera m'botolo straight!

"Nanga pamoto uika nthawi yanji, mwanangu?"

"Yatha, mhamha. Iyi ndi humasi. Imadyedwa yozizira."

Yozizira! Chipere chozizira, kupatsa a Esinati, munthu amene anabweza tiyi pamaliro a mchimwene wawo weniweni chifukwa anali wofunda chabe!

Ndisanapume n'komwe, ndinamva fungo la kupserera. Mwana uja anali ataika mabiringano pamoto wa gasi, popanda poto, popanda chiwaya, n'kumawayang'ana akusanduka makala. Akumwetulira! Ndinati kapena ku Dubai kuja amangotsuka mbale, Yohane wandinamiza.

Foni inalira, akuti tete atsika kombi, akudikira pasiteji ndi zikwama.

"Musakhudze kanthu, mhamha, tikubwera pompano," anatero Tariro akutuluka ndi Yohane.

Geti itangotsekeka, ndinadzuka ngati mtsikana. Mabiringano opserera aja ndinakawakwirira kudzala, n'kupondapo. Kenako ndinakazinga anyezi ndi tomato, n'kukhuthuliramo humasi yonse imene inali patebulo, madzi pang'ono, supu wa m'kapaketi, moto full. Ndinati mpongozi wanga sachita manyazi ine ndili moyo.

Zinthu zija zinayamba kuphulika, phwa! phwa! mpaka pakhoma. Ndinathamangira kuchipinda kukasintha chitenje. Pobwera, khitchini yonse utsi. Ndinalawa. Mayo! Kuwawa ngati mankhwala a malungo. Ndinathira shuga. Zinaipiratu. Ndinathira soda. Zinatupa n'kusanduka zotuwa ngati simenti.

Ndipo ndinamva mawu a a Esinati pageti, akudandaula za fumbi.

Ndinatapa za pamwamba, n'kuika m'mbale yanga ya alendo, n'kuvundikira.

Titatha malonje, Tariro anandinong'oneza.

"Mhamha, mabiringano aja?"

"Mabiringano ati?" Ndinayankha ndikuyang'ana kudenga.

Anavundukula mbale ya alendo ija. Anaiyang'ana, anandiyang'ana. Anangotsegula firiji n'kutulutsa mbale ina ya humasi imene ine sindinaione akuiika. Yozizira, mafuta ali ndendende pakadzenje. Pambali anayala karoti wosaphika, nkhaka, ndi buledi wopyapyala amene anaphika yekha. N'kukaika zonsezo, pamodzi ndi mbale yanga yotentha ija, pamaso pa a Esinati, atagwada!

Thukuta linanditsika mpaka kumsana. Ndinaona ukwati wa mwana wanga ukukwera kombi kubwerera ku Mkoba. Ndiye ndinaimirira.

"Alamu, mundikhululukire. Chozizirachi ndapanga ndine, ukalamba, ndinaiwala kuika pamoto. Musavutike nacho. Chotenthachi ndiye dzanja la mpongozi wathu."

Yohane anatsamwa ndi madzi. Tariro anangoweramitsa mutu.

A Esinati anayamba ndi chotentha. Supuni imodzi. Anatafuna nthawi yaitali, pamene munalibe chotafuna. Anameza ngati akumeza mwala, n'kumwa madzi kapu yonse.

"Hmm," anatero.

Kenako anang'amba buledi uja n'kusunsa m'chozizira chija. Anasunsanso. Anatenga karoti. Anakokera mbale kufupi ndi iwo. Nkhuku ndi mpunga zinafika, iwo osaziona n'komwe, mpaka anapukuta mbale ndi chala.

"Alamu, izi ndiye zakudya! Bwanji mwakhala mukutibisira zaka zonsezi? Lachinayi azimayi a mvano akukumana kwanga, mubwere mudzatipangire. Koma mwanayu..." Analoza mbale yotentha ija ndi mlomo. "Yohane, uzidya zimenezi moyo wako wonse?"

Ndinaona misozi ikulengeza m'maso mwa Tariro, koma sanandiulule. Ine ndinkafuna kumupulumutsa, ndipo ndinali nditamukankhira m'dzenje ndi manja anga awiri.

"Ndiye mumathiramo chiyani, alamu?" anafunsa a Esinati. "Nenani pang'onopang'ono, ndisunge."

"Mumathira... tchana."

"Eya."

"Ndi... kuzizira."

"Kuzizira mumagula kuti?"

Basi, ndinagonja. Ndinatsika pampando n'kukhala pansi pafupi ndi mpongozi wanga, ine mayi wa ana asanu ndi awiri, n'kuulula zonse. Tomato, shuga, soda, ngakhale maliro a mabiringano kudzala kuja. Tariro anati amenewo amawotcha dala, utsiwo ndiye kukoma kwake, akanawasenda n'kupanga chosunsira china.

A Esinati anaseka mpaka duku linagwa. Anamukoka Tariro n'kumukhazika pambali pawo.

"Muroora, mpongozi wanga, pukuta maso, ndakulandira kalekale. Mwana amene amasenza mlandu wa apongozi ake osatsegula pakamwa, ameneyo ndi wathu." Kenako anatembenukira kwa ine. "Inu alamu, zaka makumi anayi ndakhala ndikudya m'nyumba muno. Kupserera kumeneku ndinakuzindikira pa supuni yoyamba. Ndimangofuna ndione kuti bodza lanu lifika siteji iti!"

Kuyambira tsiku limenelo, mwana akati musakhudze kanthu, ine manja ndimakhalira.