Tsiku limene ndinaperekeza asewere

Pali anthu ku Bembeke kuno amene mpaka lero akufalitsa zoti ine ndinafuna kupha asewere anga. Limenelo ndi bodza. Chimene sindingakane n'chakuti tsiku limenelo pamlatho panamveka kulira kwa maliro, ndipo woliridwayo ndinali ine, ndili chiimire. Ndifotokoze mwadongosolo, chifukwa sindine munthu wochita zinthu mwachisawawa.

Chaka chathachi adokotala a ku Boma anandipeza ndi mtima wofooka, mapapo nawo atawonongeka ndi chingambwe chimene ndinasiya kalekale (ndinasiyadi, musamve za akazi anga). Atandipatsa mankhwala anati, "Agogo, mankhwala okha sakwanira. Muziyenda tsiku lililonse, pang'onopang'ono, moti muzitha kucheza mukuyenda. Mukamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire, imani, mubwere kuno. Koma mukamangokhala miyendo ifooka, phuma lichuluka." Ndinawapempha kuti alembe zimenezi m'buku langa la kuchipatala, adindenso. Ine mapepala ndimasunga, kuyambira makadi a ubatizo a ana onse mpaka lisiti la njinga imene inabedwa anawo asanabadwe.

Kunyumba bukulo silinandithandize. Akazi anga sanaliyang'ane n'komwe. "Kamtsikana kameneko kadwalapo chiyani? Wodwala amagona." Anandiika pampando pakhonde, bulangete m'miyendo, chipewa chaubweya kumutu. Kenaka mwana wathu Tereza ndi mwamuna wake anayamba kuimba mafoni kuchokera ku Lilongwe, akuti anditenge ndizikakhala kwawo. Ine, kusiya mapichesi anga ndi dimba langa, n'kumakayang'ana khoma la mpanda mpaka tsiku lomwalira!

Ndinayesa kuzemba. Koma kwathu kuno munthu wamkulu sayenda popanda kopita. Aliyense wokumana naye ankafunsa kuti ulendo ndi wakuti, ndipo ndikati ndikungoyenda, ankandiyang'ana mwachisoni. Wakabaza wina anaima n'kunena kuti, "Kwerani madala, ndikusiyani pakhomo ulere." Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utamva kuti matenda akwera kumutu. Akazi anga anabisa nsapato zanga.

Amene anandipulumutsa ndi akatekisiti, mosadziwa. Anabwera kudzandizonda, ndipo potsanzika ine ndinangoimirira n'kunena kuti, "Amayi, nsapato. Ndiwaperekeze alendo." Palibe mkazi woleredwa bwino amene angaletse mwamuna wake kuperekeza mlendo, mlendoyo akumva. Nsapato zinatuluka (zinali m'nkhokwe, tangoganizani), ndipo diso limene akazi anga anandiponyera ndimalikumbukabe.

Kuyambira pamenepo ndinkaperekeza aliyense. Wodzabwereka sipuleya yopopera mbewu, mayi wogulitsa tomato, ngakhale bambo wina amene anangopatuka kudzafunsa njira. Poyamba ndinkalekezera pamtengo wa paini kuseri kwa khola, ndikupuma ngati mvukuto. Kenaka ndinayamba kufika pamjigo. Mvula ikutha n'kuti ndikutsikira mpaka kumlatho, kumene akabaza amadikirira anthu, ndipo pobwera ndinkapumira pachulu china cha m'mbali mwa njira. Chovuta chinali chakuti wokuperekeza sumusiya m'mbuyo, pamene ine liwiro langa ndi la adokotala. Anthu ofulumira anayamba kundipatsira moni ali kumsewu, phazi limodzi lili pachopalasira njinga.

Ndiye kunabwera asewere anga a Kanyemba, bambo a mwamuna wa Tereza. Ndi munthu wa ku Kaphuka, wogula ndi kugulitsa mbatatesi, wamimba yake, amene ngakhale kokagula machesi amapita panjinga yamoto. Tsiku limenelo njingayo inali kwa amakanika, choncho anafika pakabaza, atavala suti ndi nsapato zatsopano zosongoka. Anawo ndiwo anawatuma kudzamaliza nkhani.

"Asewere," anatero titadya, akutokosa m'mano, "tisabisane. Inu mphamvu zatha. Galimoto ibwera mwezi ukatha, mukapume kwa ana."

Akazi anga anagwedeza mutu kuvomereza. Ine ndinangoti ndamva. Mumtima munali moto.

Atatsanzika ndinawaperekeza mpaka kumlatho, monga mwa mwambo. Tinagwirana chanza, ndinatembenuka. Nditayenda pang'ono ndinamva nsapato zikulira kumbuyo kwanga.

"Mwaiwala kanthu, asewere?"

"Iyayi. Sindingalole wodwala abwerere yekha. Mukagwa panjira, ana adzandiona ngati ndani?"

Anandiperekeza chokwera mpaka pakhomo panga. Akazi anga n'kuti ali kuseri akutsuka mbale. Asewere anatsanzikanso, ndipo apa mpamene munthu wanzeru akanakhala pampando wake. Koma kukhala kukanatanthauza kuti ndavomera kuti ndine katundu wofunika kubwezedwa kwa eni ake. Ndinatola ndodo.

"Chikhalireni pakhomo pano, palibe mlendo amene anachoka yekha. Sindiyambira pa inu."

Tinatsikanso. Pamlatho ananenanso zomwe zija, tinakweranso. Ndikudziwa bwino lomwe kuti tinayenda kangati, koma ndawasungira ulemu. Tikafika pachulu changa ine ndinkakhala, kudikira kuti phuma litsike, monga anandiuzira adokotala. Ndinkawasunthira kuti nawonso akhale.

"Khalani inu odwala," ankatero, thukuta likutsikira m'kolala. "Ine ndili bwinobwino."

Amuna amene amasewera bawo pansi pa mtengo wa pamlatho anasiya masewero awo.

"Madala, mwataya chiyani? Tikuthandizeni kufuna."

"Asiye iwe, akuyeza msewu. Akuti tiikiridwa phula."

"Ayi, imeneyi ndi Njira ya Mtanda. Tidikire tione agwe koyamba ndani."

Ine mpingo ndautumikira moyo wanga wonse, ndipo chipongwe choterocho ndinachisiya pomwepo n'kupitiriza ulendo. Asewere anayamba ndi kuvula jekete. Ulendo wotsatira tayi anali m'thumba. Kenaka kucheza kunatha, kunangotsala kulira kwa nsapato ndi kupuma kwawo, kumene kunkamveka kuposa kwanga. Ndivomere kuti inenso ndinali nditatsala pang'ono kugonja. Koma titangoyandikira mlatho ulendo womaliza, asewere anaima, anayang'ana kumwamba, n'kukhala pansi pakati pa msewu, phi! ngati thumba la mbatatesi zawo zomwe.

Mayi wina wogulitsa kabichi anakuwa, "Agwa! Madala agwa!" Mawuwo anakwera phiri kuchoka pakamwa pa uyu kupita pa uyo, ndipo palibe anafunsa kuti madala ake ati. Wodwala m'mudzi muno ankadziwika.

Posakhalitsa tinaona chikhamu chikutsika. Kutsogolo kunali akazi anga, manja kumutu, akulira kuti, "Ndinanena ine! Ndinanena ine, mayo!" Kumbuyo kwawo amayi a m'mphakati wathu, wina atanyamula kale chitenje chondifunditsa, wina atayamba kale nyimbo. Anandipeza ndili chiimire, ndikuwakupiza asewere ndi chipewa changa chaubweya.

Nyimbo inathera pakati. (Sinditchula mayina, koma nkhope zina zinaoneka ngati zakhumudwa.)

"Inu abambo, si mwagwa?" anafunsa akazi anga.

"Mukuona bwanji?"

Anayang'ana pansi, anaona amene wakhala m'fumbi, ndipo kulira kunasanduka ukali pamaso pa anthu onsewo. "Kalanga ine! Mwatipheratu asewere! Mwana wathu ukwati autenga kuti? Munthu wamkulu ngati inu, imvi mbuu, kuchita mpikisano ndi mlendo!" A bawo aja anali atagona pansi ndi phwete. Sindinachitepo manyazi otere chibadwire, komanso sindinamvepo kukoma kotere.

Asewere anawamwetsa madzi, anawavula nsapato (zidendene zinali zitatuluka matuza), ndipo mpweya unabwerera. Powakweza pakabaza, nsapato zili m'manja, ndinayandikira kuti nditsanzike mwaulemu. Anakweza dzanja.

"Asewere, chonde. Imani pomwepo. Musasunthe mpaka ndikhote."

Mawa lake Tereza anaimba foni. Apongozi ake anali atamuuza kuti, "Bambo ako asiyeni komweko. Amene aja sakudwala miyendo." Galimoto sinabwere. Ine ndinagona ndi miyendo yowawa kwa masiku ndithu, ndipo adokotala atamva nkhaniyi anaseka kaye, kenaka anandikalipira kuti iwo ananena kuyenda, osati kulimbana ndi anthu. Koma atandipima anati ndipitirize, mwanzeru. Tsopano ndimayenda m'mawa uliwonse nkhungu ikachoka, popanda mlendo, ndipo akazi anga amauza anzawo kumjigo kuti iwo ndiwo anandikakamiza kuyamba.

Abambo mfumu anandiitanira pambali tsiku lina Misa itatha, akuti nkhani imeneyi indiphunzitse kudzichepetsa. Ndinawalonjeza kuti ndiyesetsa. Koma mwezi wamawa kuli ubatizo wa mdzukulu wathu, ndipo mwambo wake ukachitikira ku Kaphuka. Kumeneko mlendo ndidzakhala ine, mwini khomo adzakhala a Kanyemba. Ndikadzatsanzika, ndikufuna ndidzaone chimene adzachite.